Malo a Munthu Mmodzi ku Kabwata

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anatsika basi ya ku Fort Jameson ali ndi khanda kumbuyo. Ukwati wawo unali utatha kwathu ku Nyasalandi, ndipo analibe kwina kolowera. Zinali zaka za Chitaganya, ife tikukhala kunja kwa dziko lathu, ku komboni ya m'tauni ya Kabwata, m'kanyumba kozungulira ka chipinda chimodzi, anthu asanu ndi awiri. Ndinali kamtsikana, ndipo ndinawakonda pomwepo chifukwa ankaseka ngati amayi.

Bambo anawalonjera bwino, kenaka ananena mosapita m'mbali: "Alamu, nyumba yadzaza. Mupumule masiku awiri, mubwerere." Amayi aang'ono anangoti zikomo, maso ali pansi. Ine mtima unandiwawa kwambiri.

Bambo anali telala, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, komanso wokonda mtsutso kuposa chakudya. Masana omwewo kunabwera mnzawo wa makani, mphunzitsi wochokera kuchigawo cha Luapula, ndipo anakhala pamthunzi pafupi ndi khomo.

"Shani ba tela!" anayamba mphunzitsi m'chiyankhulo chake chosakaniza cha m'tauni. "Lelo niuzeni, kumwamba kusilila pati?"

"Kumwamba sikutha," anayankha bambo. "Mutafika pothera n'kutambasula dzanja, dzanjalo lipita kuti? Ndiye kuti kutsogoloko kulinso malo."

"Manje ngati nyenyezi zilibe posilila, na malo yonse yazula, Mulungu akapanga ina azaika kuti?"

Bambo anamenya pantchafu. "Zosavuta! Ngakhale kutadzaza, yoyamba isunthire pamalo a yachiwiri, yachiwiri pa yachitatu, choncho choncho. Poti palibe yomaliza, palibe yogwera kunja. Malo oyamba aja atsala, yatsopano ikhale pomwepo."

Mphunzitsi anayesa kuwerenga ndi zala, zala zinamuthera, anangoseka. Bambo anadzimva ngati agwetsa njovu.

Amayi ankapeta mpunga chapafupi. "Bambo, tabwerezani," anatero mofatsa, "ena sitinapite kusukulu." Amene ankawadziwa amayi akanachenjera ndi kufatsa kumeneko, koma bambo anabwereza zonse, n'kuwonjezanso mchere.

Amayi anaika lichero pansi, natiitana tonse m'nyumba. Dzuwa likuswa mtengo, anayala mphasa motsatira khoma, aliyense pamalo ake ogona.

"Nyumba ino ndi yozungulira," anatero. "Ndisonyezeni pothera khoma. Palibe. Iwe wapakhomo, sunthira kwa mkulu wako. Iwe, kwa mlongo wako. Choncho choncho!"

Tinasuntha chokwawa, tikukankhana ndi zigongono, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe. Pakhomo panaonekadi kamalo. Koma mng'ono wathu wotsiriza anakagunda mutu pabedi lachitsulo la bambo, lomwe linadya gawo lalikulu la nyumba. Bedilo linali ulemu wawo wonse, ankalipukuta okha Lachisanu lililonse.

Ndinayang'ana bambo. Ndinaona kuti apeza kale polakwika. Khoma lozungulira lilibe pothera, inde, koma limayezeka ndi tepi, ndipo tepi inali m'khosi mwawo. Mphasa si nyenyezi. Akanangonena mawu awiri, mtsutso akanapambana monga mwa masiku onse. Anatsegula pakamwa, nayang'ana amayi aang'ono ataima pakhomo, akugwedeza khanda, osayerekeza n'kuseka komwe. Anatsekanso pakamwa.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza, "kabwerekeni sipanala kwa wokonza njinga uja."

Anamasula bedi lija chitsulo chimodzichimodzi, mphunzitsi akutulutsa panja. Akazi oyandikana nafe anasonkhana kudzaonerera, ndipo mphunzitsi sanaphonye mpata.

"Ba tela, munakamba ati palibe yogwela panja. Nanga iyi nyenyezi ikulu?"

"Nyamulani, musalongolole," anatero bambo, koma ndevu zawo zapamlomo zinkanjenjemera ndi chiseko.

Atatha, analoza pansi pamene panatsala madontho anayi a miyendo ya bedi. "Alamu, yalani apa."

Amayi aang'ono anagwada n'kuyala mphasa yawo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinavina, osachita manyazi ndi anthu. Bambo anagona pansi ngati ife tonse mpaka khanda lija linayamba sukulu.