Mabwalo Atatu a Msipu ku Madzimoyo

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pachipata cha m'malire cha Mwami zaka makumi awiri ndi zinayi, kulemba mapepala a katundu wa malole. Nyumba tinkachita lendi ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Nthawi yopuma pantchito itayandikira, mkazi wanga anati tikamange kwawo ku Madzimoyo. Amayi ake, apongozi anga, anali atakalamba, miyendo ikuwavuta, ndipo mwana wamkazi anali iye yekha. Sindinakane. Fumbi la malole linali litanditopetsa, ndipo ndinkafuna pakhomo poti ndikabzala mtengo ndidzadye zipatso zake.

Malo anatipatsa apongozi omwewo. Anali kumtunda kwa mudzi, moyang'anana ndi dambo, pamalo pogonera kuyambira kale. Tsekera wake ankabisa munthu woimirira. Iwo sanakwereko kukatilozera. Anangouza mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, malire ake: kuchokera pamsuku kukafika pachulu, n'kutsetsereka mpaka polekezera madzi a dzinja.

Tinaumba njerwa mu Juni, tinaotcha mu Julaye. Mu Ogasiti osaka mbewa anatentha tchire lonse la kumtundako, pansi n'kutsala bii. Ine ndinakondwa, poti anatichepetsera ntchito yotchetcha. Mmisiri anati adzayamba kukumba maziko pakati pa Okutobala, ndipo tikachedwa apita ku ntchito ina ku Katete, tidzaonana mvula ikatha.

Loweruka lina mu Seputembala nditatsika basi pamsewu, ndinapeza mlamu akundidikira ndi njinga yake.

"Alamu, tiyeni mukaone," anatero. "Anzanu akujambulirani kale pulani. Zipinda zitatu."

Titakwera kumalo aja ndinaona zimene ankanena. Pakati pa phulusa lakudalo panali mabwalo atatu a msipu wobiriwira, ozungulira bwino ngati wina anachita kukhoma chikhomo pakati n'kuzunguliza chingwe. Awiri anali ogundana, lachitatu linali patali pang'ono kumunsi. Ndinayesa lalikulu ndi mapazi, anakwana khumi ndi asanu ndi limodzi. Udzu wake sunali tsekera. Unali kapinga wamfupi, wothithikana. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho. Ndipo bwalo lalikululo linali pamene ine ndinakhoma zikhomo za nyumba, chifukwa ndi pamene panali posalaza.

Mawu anali atafika kale kumudzi. Amayi ena kuchitsime anati ndi bwalo la mfiti, pamene zimavinira, n'chifukwa chake udzu wautali sumerapo. Ena anati ndi potera malichero azo. Bambo wina wokonza njinga pamsewu anati za mfiti ndi zachibwana, pamenepo panagwa mphenzi katatu, ndipo pamene mphenzi yagwa imabwereranso kudzatenga mazira ake. Wina anati nsato yaikulu inkagona pamenepo itadzipinda. Mlamu ankangotola zonsezi n'kumabwera nazo kwa ine, akuseka.

Ine ndinali ndi yankho langa. Kusekondale aphunzitsi a sayansi anatiuzapo za bowa wina amene amayamba pamalo amodzi, mizu yake yoyera ngati ulusi n'kumafalikira pansi mbali zonse mofanana, chaka ndi chaka, mpaka kupanga bwalo. Udzu wa pamwamba pake umabiriwira kuposa wina. Mwana wathu wamkulu, amene amagwira ntchito ku Lusaka, ananditumiziranso pafoni zithunzi za mabwalo a m'chipululu cha ku Namibia. Anati kumeneko akatswiri amakangana, ena akuti ndi chiswe chimadya mizu, ena akuti ndi udzu wokha ukulimbirana madzi. Ndinasunga zithunzizo ngati umboni.

Mkazi wanga atakwera kukaona, anaima patali, manja kumbuyo. Sanapondepo.

"Ndi bowa," ndinamuuza.

"Bowa mu Seputembala?"

"Ali pansi. Saoneka."

"Bambo a ana, ine ndine munthu wopemphera. Za ufiti sindizisamala. Koma kugona pamenepa ayi."

"Ngati simuzisamala, vuto ndi chiyani?"

"Vuto ndi lakuti inu mudzikagona tulo, ine ndili maso."

Ndinati tisunthe zikhomo pang'ono. Anati malo onsewo sakuwafuna, bola tikhalebe ku Kapata mpaka papezeke pena. Pena panalibe. Malo a banja lawo otsala anali amenewo basi. Njerwa zinali mu uvuni, masiku a mmisiri akutha.

Munthu angafunse kuti bwanji sitinangofunsa apongozi, eni malo. Yankho lake ndi lochititsa manyazi pang'ono. Kwawo kwa mkazi wanga mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Ukawaona akubwera m'njira umapatuka. Moni umapereka uli patali, utanjuta, n'kuwomba m'manja. Ukakhala ndi nkhani umatuma mkazi wako. Mabanja ambiri masiku ano anasiya zimenezi, ena amathetsa popatsana nkhuku, koma ife sitinachitepo, ndipo ine ndinazolowera. M'zaka zonse za ukwati wathu, mawu amene ndinalankhula nawo mwachindunji sakanadzaza tsamba limodzi.

Choncho woyenera kufunsa anali mkazi wanga. Iye anakanitsitsa.

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti amayi, malo amene mwatipatsa anthu akuti ndi bwalo la mfiti? Ndi nkhalamba, ndi amasiye, amakhala okha. Simukudziwa amene anthu amayamba kumuloza chala?"

Ndinadziwa. Mlamu nayenso anadziwa, ndipo ngakhale anali wapakamwa, pakhomo pa amayi ake nkhaniyi sanaitchule. Amayi a kuchitsime akabwera kudzawazonda ankakamba za miyendo ndi za mtengo wa fetereza. Mudzi wonse unkadziwa za mabwalowo kupatula iwo okha.

Loweruka loyamba la Okutobala ndinaganiza zokumba. Ndinati ndikapeza ulusi woyera uja, ndikauika m'manja mwa mkazi wanga, mwina mtima wake ukhala pansi. Ndinatenga khasu ndi beseni. Mlamu ananditsatira, koma anakhala pachulu.

"Kumbani, apulofesa. Mukapeza mkanda musandipatse ine."

Ndinakumba pakati pa bwalo lalikulu mpaka m'mawondo. Khasu linkangolowa ngati mu ufa. Dothi linali lakuda, lofewa, lopepuka, lonyowa pang'ono ngakhale dzuwa linali la Okutobala. Ulusi woyera panalibe. Ndinakumba m'mphepete. Panalibe. Ndinafunafuna njira za chiswe, osazipeza. Nditakumba kunja kwa bwalo, mapazi awiri okha, khasu linadumpha pa katondo wofiira wouma gwa. M'mphepete mwenimweni ndinazula kachitsa kowola, kotalika ngati dzanja, ndipo patsogolo pang'ono kena.

"Bowa uja ali kuti?" anafunsa mlamu.

"Sanapezeke."

"Ndiye kuti sukulu yagonja?"

Ndinadzaza beseni ndi dothi lakudalo, pamwamba n'kuikapo tizitsa tija, tinatsika. Ndinangofuna mkazi wanga aone kuti ndi dothi chabe.

Tinapeza ali pakhonde pa amayi ake, awiriwo akusenda mtedza. Ine ndinaima pamtengo wa mango, pamalo panga pa nthawi zonse, ndinanjuta n'kuwomba m'manja. Apongozi anayankha akuyang'ana kumbali. Mlamu anatenga beseni kuti akapereke kwa mlongo wake, ndipo posaganiza analiika pakati pa awiriwo.

Apongozi anasiya mtedza. Anatapa dothilo, analifikisa ndi zala, ananunkhiza. Anatola kachitsa kamodzi n'kukatembenuza.

"Iwe," anatero kwa mwana wawo, "ndani akukumba m'khola la amalume?"

Mkazi wanga anaika mtedza pansi.

"Khola liti, amayi?"

"La ng'ombe. Iyi ndi ndowe. Sukuimva? Ichi ndi chipilala cha mpanda."

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Apongozi anapitiriza, akulankhula ndi mwana wawo koma mokweza kuti mawu afike pamango. Anati mudzi usanasamukire kufupi ndi msewu unali kumtundako, iwo ali mtsikana. Amalume awo anali ndi ng'ombe zambiri. Khola likadzaza ndowe mpaka ng'ombe kumatitimira dzinja, ankamanga lina pambali pake. Anamanga kawiri. Lachitatu, laling'ono, linali la ana a ng'ombe. Kenaka kunabwera matenda, ng'ombe zinatha m'chaka chimodzi, ndipo mkazi wanga anabadwa mudzi utasamuka kale.

"Nanga akukumbiranji apongozi angawo? Akufuna manyowa mvula isanagwe?"

Apa mlamu analephera kudzigwira. Anaulula zonse: za kuchitsime, za malichero, za mphenzi ndi mazira ake, za nsato, ndi za bowa wanga. Mkazi wanga anamutsina pamwendo koma anali atachedwa.

Apongozi sanaseke msanga. Anafunsa kuti nkhaniyi yatha masiku angati. Atamva kuti mwezi wathunthu, anapukusa mutu.

"Ndiye nonsenu munangoti chete, kuopa kuti mwina ovinawo ndine?"

"Ayi amayi, sitinafune kukukhumudwitsani."

"Ndi miyendo iyi? Ndikanakhala wovina bwenzi ndikupita kuchimbudzi ndi ndodo?"

Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. Mlamu anagubuduka pansi. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri.

Atapuma, apongozi anatembenukiranso kwa mwana wawo.

"Uwafunse apongozi anga, zikhomo za nyumba akhoma pati?"

Mkazi wanga anandifunsa, ngakhale ndinali nditamva. Ndinayankha kuti pabwalo lalikulu, poti ndi posalaza. Iye anabwereza kwa amayi ake.

"Uwauze kuti sukulu ndi yabwino, koma pandowe samangapo nyumba. Chaka chimodzi khoma lang'aluka. Akwere pamwamba, pakatondo, kufupi ndi msuku. Ndinakupatsani malo amenewo kuti m'makolamo muzilima ndiwo. Ndinkayesa mukudziwa."

Ndinawomba m'manja. Panalibe china choyenera kuchita. Ndikanapambana mkangano uja ndi mkazi wanga, ndikanamanga nyumba pa ufa.

Tinabwerera kumsewu ine ndi mkazi wanga. Tili pafupi kufika anati, "Muwauze amisiri abwere Lolemba."

Anabwera. Tinazula zikhomo n'kukakhoma kumtunda. Katondo wake anali wolimba, okumba anadandaula masiku atatu, mapiki akulira ngati akumenya mwala, ndipo mmisiri anati maziko otere ndi amene iye amawakonda. Mvula yoyamba inagwa khoma litafika m'mawindo. Malata tinakhoma mu Disembala, pakati pa mvula, tsiku limene kunacha bwino.

Za kuchitsime sizinathe tsiku limodzi. Amayi ena anapitiriza kunena kuti khola kapena ayi, mfiti zimakonda malo otere. Bambo wa njinga uja mpaka lero amati mphenzi inagwa ndithu, mwina ng'ombe zitatha kale. Sindikangana naye. Nanenso ndinauza mwana wathu wa ku Lusaka kuti zithunzi zake zinali zabwino, koma za ku Namibia ndi za ku Namibia. Pambuyo pake mlangizi wa zaulimi atadutsa anati iye waonapo zotere m'madera ambiri a ng'ombe: pamene panali khola, nthaka imasunga chonde ndi chinyontho zaka zochuluka, kapinga amapakonda, ndipo moto ukadutsa ndi pamene pamayamba kuphuka. Ndinamvetsera mwaulemu. Anali kunena zomwe zija, ndi mawu ambiri.

Tinasamuka mu Epulo, nditapuma pantchito. M'khola lalikulu mkazi wanga anabzala repu, tomato ndi anyezi, ndipo bonongwe anamera yekha osamuitana. Lachiwiri ndinatenga ine, ndinaikamo nthochi ndi mapapaya. Fetereza sitinathirepo. Amayi a kuchitsime aja ndi amene amabwera kudzapempha mbewu ya tomato, ndipo amalowa mpaka pakati osavula nsapato.

Apongozi anakwera kamodzi kokha, pangolo ya mlamu, nyumba itatha. Anazungulira ndi ndodo yawo, akugogoda khoma apa ndi apo. Ine ndinali kuseri kwa thanki ya madzi. Anaima pakhomo, anayang'ana kumunsi kudambo nthawi yaitali, kenaka anauza mwana wawo kuti chipinda chakum'mawa achisiye chopanda katundu, chifukwa dzinja likubwerali sakufuna kukhala okha kumunsi kuja.

Tinachotsamo matumba a chimanga tsiku lomwelo.