Mlandu wa Chifalansa pa Tebulo Langa

Msuweni wanga atabwera ku Dublin pa sikolashipu, anakhala kwanga ku Balbriggan, tauni ya kufupi ndi mzindawo. Ine ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, iye ankachita digiri ya filosofi. Nditamufunsa zimene ankafufuza, anati: "Anthu oganiza mozama a ku France ndi anzawo a ku Africa olemba m'Chifalansa. Ndikufuna kudziwa amene anabwereka nzeru kwa mnzake."

"Ndiye Chifalansacho mumachitha, asuweni?"

"Kuwerenga ndimatha," anatero akuyang'ana pawindo. Ankawerengadi, chala pamzere, dikishonale pabondo.

Lamlungu lina anaitana anzake awiri a m'kalasi kudzadya masana: mtsikana wa ku France ndi mnyamata wamtali wa ku Senegal. Ndinaphika mpunga ndi nkhuku. Poyamba tinkacheza bwinobwino m'Chingerezi. Kenako mtsikana uja ananena kuti ambiri mwa anzeru a ku Africa aja mafunso awo anawatola m'makalasi a ku Paris. Mnyamata uja anaika foloko pansi. Anati a ku Pariswo ankalemba za ufulu atakhala m'malesitilanti, ndipo anthu olamulidwa ndi atsamunda ndi amene anawaonetsa kulemera kwa mawuwo.

Mkangano utatentha, Chingerezi chinawachepera. Analowa m'Chifalansa, liwiro lake ngati sitima yosaima pa siteshoni. Msuweni wanga ankagwedezera mutu uku ndi uku, nkhope ili yoganiza kwambiri, ndipo aliyense ankaona ngati ali mbali yake.

Mwadzidzidzi onse awiri anatembenukira kwa iye, kudikira chigamulo.

Iye anandiyang'ana. "Asuweni, ndipulumutseni," ananong'ona m'Chichewa. "Sitima iyi ndinatsika kalekale."

"Si inu ankhoswe? Weruzani," ndinatero ndikudziwonjezera msuzi.

Anatsokomola, n'kunena pang'onopang'ono m'Chingerezi kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Onse anamukwiyira limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anagwirizana.

Alendo atapita, anatsuka mbale zonse osauzidwa. Sabata yotsatira analembetsa kalasi yoyankhula Chifalansa ku Drumcondra, mu Dublin momwemo, ndipo miyezi yonse yozizira ndinkamumva m'bafa akukangana yekha, akusinthasintha mawu.

Alendo awiri aja anadzakwatirana. Pa ukwati wawo msuweni wanga anayankhula m'Chifalansa, anthu n'kuwomba m'manja. Mayi a mkwati anandiuza m'Chingerezi kuti chilankhulo cha ku Malawi chimene msuweni wanga anayankhulacho n'chokoma m'khutu.