Kapinga wa a Phula

A Phula anagwira ntchito ya misewu moyo wawo wonse. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, ndipo linawakakamira. Iwo ankayendetsa makina otsendera msewu, aja a chigudumu chachitsulo kutsogolo. Akamaliza pamalo ankatsika n'kugogoda pansi ndi chidendene. Pansi pakalira ngati ng'oma, ankadziwa kuti ntchito yatheka.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo wamwamuna anawatenga. Iyeyo amakhala pamwamba penipeni pa nyumba zosanja. Kumeneko a Phula ankangokhala pawindo kuwerama, kuyang'ana madenga a magalimoto. Miyendo inayamba kutupa. Tsiku lina mwana wawo wamkazi, namwino, anawapeza akupukuta masupuni otsuka kale. Anakalankhula ndi mwamuna wake.

Mkamwiniyo anali atangomaliza kumanga nyumba. Kuseri kunali kachipinda ka zida, kutsogolo bwalo lofiira, pomwe malole ankatsitsira mchenga.

“Bambo akhale m'kachipindako,” anatero mkamwini. “Atidzalire kapinga pabwalopa, azimusamala.”

A Phula anaigwira ntchitoyo ndi manja awiri. Anatola miyala ndi zibenthu za njerwa, anapalasa pamwamba, anafesa mbewu. Ataima pakhonde n'kuyang'ana, mtima sunawakhale pansi. Dothi linali lofewa, mapazi awo akuoneka paliponse. Kwa iwo imeneyo inali ntchito yosatha. Anatenga mgolo, anaudzaza madzi, n'kuyamba kuugubuduza, kupita ndi kubwera, m'litali ndi m'lifupi, mpaka thukuta linadontha m'chigongono. Anagogoda ndi chidendene. Pansi panalira.

Kapinga anamera mwa apo ndi apo, wowonda ngati tsitsi la khanda lodwala. Sanachedwe kuchita chikasu. A Phula akathirira, madzi ankangoima pamwamba, kenako n'kuyenderera kugeti atanyamula mbewu. Anaonjezera madzi, panamera ndere. Anathira feteleza, timasamba tinapserera. Anafesanso mbewu ina, naigubuduziranso mgolo kuti ikhazikike. Inamera yochepa kuposa yoyamba.

M'mawa wina akutsuka khasu pampope wa kuseri, anamva mawu pawindo la kukhitchini.

“Mayi, ine ndapirira,” mkamwini ankauza mkazi wake. “Anzanga akundifunsa ngati ndatsegula dziwe la nsomba. Loweruka la sabata yamawa kubwera njerwa, tiyale bwalo lonse.”

“Nanga bambo azichita chiyani?”

“Akungopsa ndi dzuwa, munthu wamkulu. Kwa achimwene anu kuja ankapuma bwino.”

Mkamwini sanalankhule mokalipa ayi. Analankhula mwachifundo, ndipo n'chimene chinawafoola a Phula. Munthu wokalipa umamupepesa. Wokumvera chisoni ungamutani? Anakhala pamgolo paja, khasu lili m'manja, akuona windo lija la pamwamba ngati ali kale pomwepo.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi wogulitsa maluwa a m'machubu, wapakamwa posatseka. Tsiku limenelo anakwera pachidebe n'kusuzumira.

“A Phula, mwadzuka bwanji? Nanga msewu wanuwu tiutsegulira liti? Tibwere ndi lumo lodulira riboni?”

A Phula sanaseke.

“Mayi, ndithandizeni,” anatero. “Madzi ndathira, feteleza ndathira. Mbewuyi ndi yoipa kapena?”

Mayiyo anazungulira pageti atanyamula foloko ya m'munda. Anaiimika pakati pa bwalo n'kuiponda ndi thupi lonse. Inangokanda pamwamba. Anazula kamtsitsi kamodzi ka kapinga n'kuwaonetsa muzu, waufupi, wopindika chammbali ngati msomali wokhomedwa pamwala.

“Apa malole anaponda kale, inu n'kubwera ndi chimgolo chanu kudzamalizitsa. Muzu ulowera pati? Upuma bwanji? Ngakhale nyongolotsi ingathyoke khosi.”

A Phula anayang'ana mgolo, anayang'ana manja awo.

“Ndiye ndigaule ponse?”

“Mukagaula mupha ndi wotsalayu. Boolani mabowo, pafupipafupi, akuya ngati chala. Muthiremo mchenga wosakaniza ndi manyowa owola bwino, musesere ndi tsache. Mufese, muwaze kadothi pamwamba, muzithirira pang'onopang'ono ndi kheni. Mukatero manja m'thumba. Mgolowo musungiremo madzi.”

Anayamba tsiku lomwelo. Pofewerapo foloko inkalowa akaiponda n'kuigwedeza. Pomwe malole ankaima inkakana, ndiye ankakhoma chitsulo ndi hamala, bowo limodzilimodzi, atagwada. Ntchito yawo yomwe, imene anainyadira, inkawabwezera hamala m'mapewa. Matuza anatuluka, anaphulika, anatulukanso. Bwalo silinkaoneka kuchepa. Nthawi zina ankaima n'kuyeza ndi maso pomwe patsala, n'kuwerenga masiku ofika Loweruka, mutu n'kuzungulira.

Mwana wawo wamkazi uja atabwera kuchokera kuntchito anawagwira manja n'kuwatembenuza.

“Bambo, mufera udzu?”

“Manga mabandeji, mwanawe. Ndikapitirize.”

“Ndilankhula nawo bambo a kunyumba kuno. Sangakuthamangitseni.”

“Sandithamangitsa. Andiperekeza bwinobwino, pagalimoto.” Anamutambasulira manja. “Pawindo paja ndikabwererapo, sindidzatsikanso ndi miyendo yanga.”

Namwinoyo anamanga mabandeji.

Chovuta kuposa kuboola chinali kusiya. Atathira mchenga ndi manyowa, atafesa, bwalo linaoneka lonyansa, mabowo okhaokha, buma apa, buma apo. Mapazi ankawayabwa. Kawiri konse anapezeka atagwira mgolo. Pamapeto anaukhuthula madzi n'kukaupereka kwa mayi wa maluwa kuti awasungire.

Loweruka linafika kapinga asanaoneke kwenikweni. Ukawerama ndi pomwe unkaona timinga tobiriwira tikusuzumira m'mabowo. Ukaima, linali bwalo lamatope basi.

Lole ya njerwa inabwera cham'mawa, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo kulowa pageti. A Phula anakaima pakati pa geti, manja a mabandeji ali m'mwamba.

“Madala, chokani!” anakuwa dalaivala. “Mukufuna ndikuyaleni limodzi ndi njerwazi?”

“Tayala lako silipondapo apa.”

“Pali chiyani, golide?”

Mkamwini anatuluka akumanga mabatani a malaya. “Bambo, n'chiyaninso? Tinapangana kale ndi anthuwa.”

A Phula sankadziwa kuchonderera. Anatenga ndowa yodzaza madzi n'kuikhuthula patsogolo pa mkamwiniyo. Onse anayang'ana pansi. Madzi anaima kanthawi, anachita thovu, kenako anamira. Sanayenderere kugeti. A Phula anagwada, anakumba ndi chala pambali pa bowo, natulutsa kapinga mmodzi. Muzu wake unali woyera, wolunjika pansi.

“Apongozi,” anatero ali chogwada, “wayamba kumene. Ndinamutsekera ndine. Musamukwirire.”

Mkamwini anachita manyazi kuona mkulu atagwada pamaso pa anthu a lole. Anawagwira mkono n'kuwadzutsa.

“Nanga njerwazi ndizitani, bambo? Zafika kale.”

“Kanjira, kuchokera pageti kufika pakhonde, nsapato zanu zisamade. Ndiyala ndekha. Pamenepo ndiye pofunika kutsendera.”

Mkamwini anayang'ana bwalo, anayang'ana mkazi wake amene anaima pakhomo atapinda manja. Anapuma mozama.

“Tsitsirani kunja kwa mpanda,” anauza dalaivala. Kenako anatembenukira kwa a Phula. “Timupatse mpaka mvula ithe. Akakana, zotsalazo tiyala ponse. Tisadzakanganenso.”

“Ndamva.”

Lole itapita, a Phula anayamba kututa njerwa, ziwiriziwiri, atazikumbatira pachifuwa chifukwa manja sankagwira. Wilibala anaikana. Ankadutsa m'mbali mwa mpanda, monyang'ama.

“A Phula!” anaitana mayi wa maluwa ali pachidebe chake. “Mgolo uja ndibweretse?”

“Wa kanjira kokha,” anayankha. “Ndikamaliza mudzautengenso.”