Nkhani Zoipa Zinkathera Pamtengo wa Mango

Bambo Gabrieli a ku Ngauma ndi mlimi wa fodya, munthu wolimba pakhasu koma wamantha ndi chilichonse chophulika. Sindikuwaseka ayi. Anathawa nkhondo ali mnyamata, nkukhala ku Malawi mpaka mtendere utabwera, ndipo mpaka lero tayala la chapa, minibasi ya kwathu kuno, likaphulika, maso awo amayamba afunafuna tchire.

Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, mpweya nkumaperewera. Kuchipatala ku Cuamba anawapeza ndi matenda a mtima. Namwino anauza akazi awo, mayi Anastaziya, kuti achepetse mchere, mankhwala asadumphe, ndipo bambowa asamadzidzimutsidwe. Za mcherezo mayi ankaiwala nthawi zina, koma zodzidzimutsazo anazigwira ngati lamulo la tchalitchi.

Anachotsa mapilya mu radiyo nkunena kuti yafa. Mlendo aliyense ankamuimika pamtengo wa mango kuti aulule kaye zimene wabwera nazo. Ine ndemwe, woyandikana nawo nyumba, ndinabwezedwapo ati nkhope yanga ndi ya maliro, chonsecho linali dzino. Wololedwa ankalowa akumwetulira, nkunena kuti kumudzi kuli bwino, kumunda kuli bwino, onse ali bwino. Mudzi wathu uno, woti sabata siitha popanda mlandu wa mbuzi, unakhala wa angelo okhaokha.

Apa mpamene panalakwika. Gabrieli amakumbukira kuti nkhondo ija isanafike, akuluakulu ankanong'onezana chomwechi, nkumauza ana kuti palibe kanthu. Komanso ku Cuamba kuja anaona mabanja othawa nkhondo ku Cabo Delgado atakhalira mitolo yawo. Zotsalazo anamalizitsa okha m'mutu. Tulo tinatha, chakudya chinakana kutsika, mtima nkumagunda ngati mtondo wosinjamo anthu awiri. Mayi poona izi anati ulonda wachepa, mpaka analetsa tambala kulira pafupi ndi zenera.

M'mawa wina mayi ali kumjigo, bambo anamanga bulangete, mbewu ya chimanga ndi nkhuku ziwiri panjinga, ulendo wa kumalire ku Mandimba. Kupalasa sakanatha, ankangokankha. Mlamu wawo Samuele, yemwe anawalondola pamota, njinga yamoto, anawapeza atakhala pansi pakati pa chitunda, milomo itauma.

"Alamu, mwasiya achemwali anga?" anafunsa Samuele.

"Ndikukapeza malo kaye, ndidzawatenga. Koma musandinamize. Afika pati? Ku Lúrio?"

"Ndani?"

"Ankhondo! Mudzi wonse ukundisekerera ngati wogulitsa nyama yowola."

Samuele anaona kuti bodzali lipha munthu, ndiye anamasula thumba. Nkhumba yawo yaikazi inafa. Mwana wawo Flora wabwerako kuukwati, akubisala kwa azakhali ake. Chigafa cha fodya chinagwa mbali imodzi. Nkhani iliyonse ikatuluka, nkhope ya Gabrieli inkawala.

"Nkhumba basi? Ambuye alemekezeke! Pitirizani, alamu, pitirizani."

Samuele anapitiriza. "A Custódio, anzanu a bawo aja, tinawaika mwezi watha. Tsiku lija achemwali anati tonse tikukathandizana kupalira."

"Anadwala?"

"Anadwala. Ankakufunsani."

Gabrieli analira pamsewu pomwepo, kulira kwenikweni, oyenda panjinga akucheuka. Mtima uja sunaime. Ine ndinafika pamota ina pamodzi ndi mayi Anastaziya, ndipo ndikunena zoona, ndinachita manyazi, chifukwa nanenso ndinali m'gulu la omwetulira aja.

Mayi anagwada pafumbi. "Ndimaopa kuti mungandisiye, bambo."

"Ndikudziwa," anatero Gabrieli, akupukuta maso ndi chipewa. "Koma mnzanga wapita akuganiza kuti ndinamutaya." Anadzuka movutikira nkutembenuza njinga. "Ndiperekezeni kumanda, ndikamuuze ndekha kuti sindinadziwe."