Wakufa Saloza

Usiku wa Lolemba make mwana sanadzutsidwe ndi khanda. Anadzutsidwa ndi foni ya apongozi ake, imene inkanjenjemera pathabwa la makina osokera kuseri kwa khoma ngati chiwala chagwera m'chitini. Kenaka kunamveka kuusa moyo, ndi mawu a munthu wamkulu akudziuza yekha kuti, "Basi, andidya." Iye sanadabwe, poti m'nyumba muja kudyedwa kunali kwa sabata ndi sabata. Anangogwira mwana pachipumi, monga amachitira nthawi zonse akadzidzimuka, n'kugonanso ndi diso limodzi.

Apongoziwo anali telala, munthu amene wasoka mayunifolomu a ana asukulu zaka makumi atatu osasemphanitsa batani ngakhale limodzi. Akazi awo atamwalira, mwana wawo, amene ndi bambo a khandali, anawagulira foni kuti asamasungulumwe. Umu ndi mmene analowera m'masewera a fisi. Masewerawo amachitikira pagulu la pa foni, anthu khumi ndi awiri, ambiri a mumsewu womwewo. Woyendetsa amanong'oneza mmodzi kuti iwe ndiwe fisi. Usiku uliwonse fisiyo amadya munthu mmodzi, ndipo masana otsalawo amakangana n'kuvotera amene akumukayikira. Akamupeza fisi, masewera atha. Akaphonya, apha wosalakwa, n'kugona ndi fisi yemweyo.

Aliyense anali ndi kaseweredwe kake. Wometa tsitsi ankaneneza anthu asanasukusule n'komwe. Mayi wogulitsa mayunitsi ankalumbira pa ana ake onse anayi, mmodzimmodzi. Bambo a mwana ankangokhala phee n'kuvotera amene ambiri amuvotera kale, monga amachitiranso pa nkhani za m'nyumba. Koma apongozi ankasewera ngati akusoka suti ya bwana. Malamulo anawalemba pakatoni n'kukhoma pamwamba pa makina: usananeneze munthu, yamba wamupatsa moni, osalemba ndi zilembo zikuluzikulu, kumeneko n'kukalipa, wakunja saponya voti, voti ikaponyedwa sibwezedwa. Pansi penipeni, ndi mzere kunsi kwake, panali lamulo lalikulu: wakufa salankhula, salemba, saloza.

Anzawo lamulo limeneli ankalisunga pa foni pokha. Koma apongozi ankati munthu sangafe pa foni n'kumacheza pakhonde, poti lilime lilibe fupa, ungaulule zimene waona. Chotero akadyedwa ankasoka pakamwa mpaka masewera atatha. Makasitomala anazolowera, ankadziyeza okha ndi tepi, kulemba ndi choko pansalu, n'kumapita.

Tsono Lachinayi linali tsiku la katemera wa chikuku kusikelo, ndipo mwana wa pakhomo lachitatu anali atatuluka kale totupa thupi lonse. Kusikelo wopanda kabuku amamubweza kuti akabwere mwezi wamawa. Kabuku ka khandali apongozi anakatola sabata yapitayo pafupi ndi ndowa ya madzi, n'kunena kuti akasunga pabwino. Pabwinopo ndi pamene sanatchule.

Lachiwiri m'mawa make mwana anawafunsa mwaulemu wonse. Apongozi anayang'ana kudenga. Anawapatsa pepala ndi pensulo, iwo n'kupinda manja. Anaganiza zotsata maso awo uku akusegula madilowa, koma iwo atazindikira anatsinzina, kuopa kuloza ndi diso. Anagudubuza matiresi, masutikesi, thumba la zidutswa za nsalu, ngakhale chitini cha shuga. Bambo a mwana anamuuza kuti angoleza mtima, masewera sadutsa sabata. Iye anawafunsa ngati chikuku nachonso chikudikira voti, ndipo iwo anapita kukachapa matewera.

Apa ndi pamene make mwana anaima. Munthu wamantha amaona zambiri. Iye ankadziwa kapumidwe ka khanda, kakhosomoledwe ka aneba, ndi nthawi imene bedi lalira. Chibadwire mwana, bambowa sanakhudzepo thewera. Anakumbukiranso kuti Lolemba lija, foni ya apongozi itangomudzutsa, bulangete la mbali yawo linkawala kunsi. Ndipo patebulo anali atayamba kupatsira bambo awo nyama yaikulu, osawayang'ana kumaso.

Madzulo a Lachiwiri gulu linavotera mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, munthu wosalakwa, chifukwa choti anachedwa kuyankha moni. Masewera anapitirira.

Lachitatu masana, apongozi akupalasa makina ali chete, make mwana anaima kumbuyo kwawo mwana ali kumsana n'kuwerenga katoni ija kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri. Wakunja saponya voti, inde. Koma panalibe polembedwa kuti munthu sangadzivotere yekha. Voti inkatsekedwa sikisi koloko madzulo, ndipo chapamenepo bambo a mwana amakhala ali kubafa, foni atasiya pawindo. Madzi atayamba kukhuthuka, iye anaitenga n'kulemba ndi zilembo zing'onozing'ono: "Mwaswera bwanji nonse. Ine ndikuvotera ine ndemwe. Zikomo."

Wometa tsitsi anati chimenechi n'chinyengo cha fisi wochenjera, ndiye amuvotera. Mayi wa mayunitsi analumbira pa mwana wake wachiwiri kuti anazilota, nayenso n'kuvota. Otsalawo anangotsatira. Bambo a mwana anatuluka thovu lili m'khutu n'kulemba mwaphuma kuti walembayo si iwo, koma woyendetsa anawakumbutsa kuti voti sibwezedwa, n'kulengeza kuti fisi wagwidwa.

Foni inanjenjemera pamakina. Apongozi anavala mandala, anawerenga, anakonza kukhosi ngati galimoto yogona panja, kenaka anati, "Kali kuseri kwa katoni ya malamuloyi, amayi. M'nyumba muno ndi pokhapo pamene munthu sagwirapo."

Make mwana anakasolola, n'kukhala pansi pomwepo atakakumbatira pamodzi ndi mwana. Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo amene anali adakali ndi thaulo m'chiuno. "Anthu khumi ndi mmodzi onse aja, iwe n'kuyambira bambo ako?" Iye anayankha chamunsi kuti ankaopa, poti iwo ndi amene akanamuzindikira msanga. Apongozi anagwedeza mutu, ndipo ankaoneka kuti yankholo lawakomera pang'ono.

Za mpongozi wawo anaziganizira mpaka Lachinayi, iye atabwerako kusikelo mwana atabayidwa. Anati ayang'ana paliponse koma sakupeza pomugwirira: moni anapereka, sanakalipe, ndipo voti inachokera pa foni ya wosewera. Anangotenga pensulo n'kuwonjezera pakatoni kuti foni siisiyidwa pawindo mwini wake akusamba. Make mwana anawapempha kuti mwina asiye kufa panyumba, azingofera pa foni ngati anzawo. Iwo anati zimenezo ndi zachibwana. Chimene achite n'chakuti madzulo alionse, fisi asanadzuke, azilemba wilo yonena pamene pali sizasi, makiyi a geti ndi kabuku ka mdzukulu, n'kuisiya pansi pa chitini cha shuga.