Tsiku limene mdzukulu wanga anandikana pageti

Ndinapita ku Coventry kukalera mdzukulu. Mwana wanga wamkazi anali nesi, ankagwira mashifiti, ndipo kamtsikana kake kazaka zisanu ndi chimodzi kanalibe wokasiyira. Tinkakhala ku Hillfields, m'kafulati kachipinda chimodzi. Papepala la lendi panalembedwa anthu awiri, mayi ndi mwana. Ine panalibe. Matiresi anga tinkawabisa kuseri kwa sofa m'mawa uliwonse.

Masana ndinkaonera pa TV aphungu akumeneko akukangana. Chingerezi changa n'chotolatola, koma zanyumba, zasukulu ndi zachitetezo ndinkazimva. Wina kuimirira, akuti anthu akuthithikana m'nyumba, aziyenderedwa. Wina akuti masukulu amangidwe mipanda, wolowa aliyense adziwike. Anzawo kumbuyo kumangokuwiza. Ine ndakula. Anthu ovala bwino akayamba kukamba zoteteza, ndimadziwa kuti alipo amene akufuna kumutsekera kunja.

Ndiye ndinamukhazika pansi mwanayo.

"Iwe, tamvera. Aliyense akakufunsa za ine, kaya mwini nyumba, kaya aphunzitsi, kaya mayi wapansipa wosuzumira pakatani uja, uziti sundidziwa. Wamva?"

Anayankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, kuti ku Sande sukulu anawauza kuti bodza n'tchimo.

"Tchimolo ndisenza ndine. Ukufuna amayi ako awatulutse m'nyumba muno?"

Tinkayeserera. Ine ndinkakhala mzungu, n'kudziloza pachifuwa: "Gogo uyu ndani?" Iye n'kupukusa mutu. Nthawi zina ndinkamutchera dala. "Basi, sewero latha, nena zoona." Akagwa mumsampha, bisiketi palibe. Sanachedwe kuphunzira.

Poyamba kusukulu kunalibe vuto. Ana ankangotuluka, ine n'kumudikira patsidya la msewu. Koma teremu ina tinapeza mpanda wachitsulo, geti lokhoma, ndi kalata yoti makolo alembe mayina ndi keyala za otenga ana.

"Amayi, ndikulembeni," anatero mwana wanga.

"Usayerekeze. Mapepala akuno amauzana. Lero lili kusukulu, mawa lili kukhonsolo."

Tinalemba mayi wina wakutchalitchi kwathu, amene ana ake ankaphunzira pomwepo. Iye ankamutulutsa mdzukulu wanga, n'kudzandipatsa pakona.

Tsiku lina mayiyo anaimba kuti galimoto yamufera ku Solihull, sakwanitsa kufika. Ndinavala jekete n'kupita ndekha. Pageti panali mphunzitsi wachitsikana atagwira mndandanda. Dzina langa analifufuza kawiri, osalipeza. Ndinamuuza kuti ndine mayi wa amayi a mwanayo. Anamwetulira mano okha, n'kuwerama kwa mwanayo, kumufunsa ngati akundidziwa.

Mdzukulu wanga anandiyang'ana m'maso. Tsitsi lake ndinaluka ndine dzulo lake. Anapukusa mutu.

"Iwe, lero ayi! Sewero latha, nena kuti ndine agogo ako!"

Ndinaona kakamwa kake kakubisa kumwetulira. Ankaganiza kuti ndi msampha uja. Anapukusanso mutu, mwamphamvu.

Mphunzitsiyo anamukokera kumbuyo kwake, geti n'kutsekeka. Kunabwera bambo wina wawayilesi yam'manja, kundiuza kuti ndisunthe pamenepo. Azimayi amene anali pamzere anagwiritsa ana awo manja pondidutsa. Ine amene ndinabereka ana asanu, kuyesedwa wakuba ana. Ndinaima m'mvula yowaza kuposa ola lathunthu, ndikuona chipewa chofiira cha mdzukulu wanga pawindo la ofesi.

Asukulu anamuitanitsa mwana wanga kuchokera kuwodi. Anafika ndi yunifolomu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Mwaona, amayi? Nzeru zanu zija ndi zimenezi. Ndasiya odwala ine."

Muofesi anamupatsa pepala lija kuti andiwonjezere. Atafika pofunsa ubale ndi keyala, cholembera chinaima. Anandiyang'ana. Mphunzitsi uja anali chilili pambali, ndipo ndinali nditamuuza kale kuti ndine gogo wake. Ndinamutsina mwana wanga pantchafu. Anapuma mozama, n'kufotokoza kuti kwathu munthu wamkulu aliyense timamutchula agogo, awa ndi mayi akutchalitchi, mwana sanawazolowere. Analemba keyala ya mayi wa galimoto yakufa uja. Onse anaseka momasuka, mpaka kundipepesa.

Tili m'njira, mwana wanga ali patsogolo, kamtsikana kaja kanandigwira dzanja. Kanayesa Chichewa, chinthu chimene sikankachita kawirikawiri.

"Agogo, ndakhoza eti?"

"Wakhoza."

"Bisiketi?"

Ndinamupatsa awiri. M'fulati muja sanatitulutse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati alipo amene akanabwera kudzawerenga mitu yathu. Chimene ndikudziwa n'chakuti kufikira tsiku limene ndinakwera ndege kubwerera kwathu, pageti paja ankati akandiona amauza mwanayo kuti mayi akutchalitchi aja afika. Iye ankabwera mwaulemu, osathamanga, monga ndinamuphunzitsira.