Chisoti cha Mfumukazi ya Timizimu

Ndinanama ine, amayi inu, ndinanama, bodza langa n'kukabala chimanga m'munda mwa mnzanga!

Chaka cha makuponi chija, gulu lathu la amayi kuno ku Kapelula tinakonza sewero la timizimu ta m'tauni: ta pamsika kulimbirana ufumu ndi ta padepoti ya basi. Mawu aliyense ankapeka yekha. Ufumukazi anapatsa Nabanda, ine akuti ndikhale wantchito womugwirira ambulera. Ine, wa mawu okoma chonchi!

M'mawa wa tsiku la sewero ndinamunong'oneza Nabanda: "Asisi, mwamva? Akugawa makuponi a feteleza kusukulu, lero lomwe."

"Zoona, a Naphiri?"

"Ndinganame ine, mutu wa imvi uno?"

Mayi uja anakwinya chitenje, liwiro la kusukulu. Ine chisoti chake cha ufumukazi, cha katoni, pamutu! Ndinalamula, ndinavina, ndinapirikitsa timizimu ta padepoti mpaka kuseri kwa chigafa cha fodya. Nthungululu, ee, nthungululu!

Dzuwa litapendeka, Nabanda uyo akubwera, kapepala m'manja, mano onse pamtunda. Kani makuponiwo ankagawadi!

"Mulungu akudalitseni, amfumukazi," anatero atandigwadira. "Dzina lanu anaitana katatu, kenako kuponi yanu anapatsa wina."

Mpaka lero amauza anthu kuti ndine mnzake weniweni, ine n'kumavomera ndi mutu.

Chaka chimenecho chimanga chake chinali biriwiri, changa chachikasu, cholekeza m'mawondo. Chisoti chija ndinakachipachika pamtengo pakati pa munda, kuti mwina chimanga chiope mfumukazi, chikule. Sichinaope.